MPHUNO ZINAMVA, KOMA PAKAMWA PANALI CETE

Tsiku lina m'nyengo yokolola, pocokela kumudzi kwathu m'dela la Mfumu Mphamba, ndinakwela lole yopita ku boma la Lundazi. Tinali anthu 11 pamwamba pa matumba a cimanga. Pamene dalaivala anadza kudzalandila ndalama, fungo la kacasu linayamba kutifika mwini wake akali potelo. Amai ena anatseka mphuno ndi citenje. Ine, amene nchito yanga ndi kulemba za ngozi m'nyuzi, ndinangoyang'ana kumbali, poopa kutsala panjila.

Tisanapite patali lole inagwela m'ngalande. Mtsikana wa sukulu amene anakhala pafupi nane anathyoka mwendo, ndipo kufikila lelo amayenda motsimphina.

Ngoziyi imandibwelela m'mtima ndikamva za kacipangizo kena kamene apolisi a maiko ena ali nako. Kamaoneka ngati tochi. Wapolisi akakayandikiza pa zenela la galimoto, kamakoka mpweya wa dalaivala pamene akulankhula, ndi kuonetsa ngati muli mowa. Safunika kupuzila m'kanthu.

M'caka ca 2016 phungu wina wa ku Canada, a Gagan Sikand, anapempha nyumba ya malamulo kuti kacipangizoka kakaonetsa mowa, wapolisi akhale ndi cifukwa cokwanila comupimila dalaivala. Pempho lao silinakhale lamulo, koma mu 2018 dzikolo linalola apolisi kupima mpweya wa dalaivala ali yense amene amuimitsa mwalamulo.

Kuno kwathu, Lamulo la pa Mseu la 2002, limene linakhazikitsa bungwe la RTSA, linaika malile a mamiligalamu 80 a mowa m'mamililita 100 a magazi. Zipangizo zotele zingathandize ndithu pa mseu wa Chipata. Nanga m'tinjila ta kumidzi, kumene wapolisi saoneka mwezi wathunthu, adzanunkhiza ndani?

Pa lole ija panali mphuno 11, ndipo zonse zinagwila nchito yake bwino. Cinasowa ndi munthu mmodzi wonena kuti, "Abambo, lelo mwamwa, ife sitikwela."

Inu makolo ndi anyakwawa, mukamva fungo lija, tsitsani ana anu ndi katundu wanu. Cimanga cingagone panjila usiku umodzi osaonongeka. Mtsikana uja ndikakumana naye pa msika amandipatsa moni mwaulemu, ndipo ine ndimasowa poyang'ana.