Kujambula nthawi: njira za ku Johannesburg ndi gombe la Nkhotakota

Ojambula akafuna kuonetsa mmene nthawi yapitira, amabwerera pamalo pomwe panajambulidwa chithunzi chakale, n'kuimika kamera pomwe inaima yoyamba ija, n'kujambulanso. Zithunzi ziwirizo zikaikidwa pamodzi, chimene chasintha chimadzionetsa chokha. Njirayi inatchuka ku America pakati pa 1977 ndi 1979, pomwe Mark Klett ndi anzake anatsata malo amene Timothy O'Sullivan ndi William Henry Jackson anajambula zaka pafupifupi 100 m'mbuyomo. Chowatsogolera chinali mapiri ndi matanthwe, zinthu zosasuntha.

Ku Johannesburg, komwe kuli Amalawi ambiri, luso lotere limaphunzitsidwa m'kalasi. Sukulu ya Market Photo Workshop, imene David Goldblatt anayambitsa mu 1989, ndi kumene anaphunzira Lebohang Kganye. Mu 2013 iye anavala zovala za malemu mayi ake, n'kuima monga mayiwo anaimira pa zithunzi zakale za m'banja, kenako n'kusanjikiza zithunzi ziwirizo kuti mwana ndi mayi aonekere pamodzi. Santu Mofokeng naye anasonkhanitsa zithunzi za mabanja a anthu akuda za pakati pa 1890 ndi 1950, n'kumafufuza kuti anthuwo anali ndani. Kumeneko ntchito imapepukako chifukwa misewu ili ndi mayina, nyumba zambiri n'zokhalitsa, ndipo mosungira zithunzi zakale simutali.

Ku Nkhotakota gombe lenilenilo limasuntha. Madzi a nyanja anakwera kwambiri mu 1980, anakweranso mu 2024, moti pomwe panali mathandala oyanikapo usipa chaka china pamadutsa bwato. Wojambula amene angadalire mchenga kapena nyumba ya udzu asokera. Zodalirika n'zochepa koma zilipo: mtengo wa mkuyu wa pachipatala cha St Anne's, womwe mbiri imati David Livingstone anakumana pansi pake ndi Jumbe m'zaka za m'ma 1860, tchalitchi cha All Saints komwe anaikidwa Bishopu Chauncy Maples atamira panyanja mu 1895, ndi mapiri a kumadzulo. Sitima ya Ilala, yomwe yakhala panyanja kuyambira 1951, imathandizanso, chifukwa ikaoneka pa chithunzi chakale ndi chatsopano, maso amayamba kufunafuna chimene chasintha pozungulira pake.

Zithunzi zakale za derali zina zili ku National Archives ku Zomba, zina ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala mu Blantyre, zina kunja m'mapepala a amishoni a UMCA. Koma chuma chenicheni chili m'masutikesi a m'midzi. Abambo amene anapita ku Theba kapena ku Rhodesia ankatumiza zithunzi za mu situdiyo atavala jekete, ndipo ojambula oyendayenda ankafika paukwati n'kudzabweretsa zithunzi atakatsukitsa kutauni. Zambiri mwa izo zilibe dzina kapena chaka. Apa mpomwe njira ya kunja iyenera kusintha: ku Nkhotakota chithunzi chopanda mawu a agogo n'chosakwanira. Foni imodzi yomweyo ijambule chithunzicho kutsogolo ndi kumbuyo komwe, kenako ijambule mawu a mwini wake akutchula anthu, mudzi ndi chaka cha njala kapena cha madzi osefukira chimene akukumbukira. Potumiza kwa abale akunja, ndi bwino kuchitumiza pa WhatsApp ngati dokyumenti, chifukwa njira yanthawi zonse ija imachichepetsa n'kufafaniza nkhope.

Pa zithunzi za usiku, gombe limaposa tauni. Kamera ikatsegulidwa kwa masekondi angapo, kuwala kulikonse koyenda kumasiya mzere. Ku Johannesburg ophunzira amayeserera pa magetsi a magalimoto mumsewu wa M1, ndipo nyenyezi sizioneka. Ku Nkhotakota, mwezi ukakhala mumdima, nyali za asiginala okopa usipa ku ukonde wa chilimira zimandandalika panyanja, ndipo foni yokhazikika bwino pamwala imatha kusunga njira imene bwato lililonse ladzera. M'miyezi ya mwera mafunde amagwedeza nyalizo, mizere n'kutuluka yokhotakhota. Masana, kujambula chithunzi chimodzi pakapita masekondi angapo n'kuzilumikiza kukhala filimu kumaonetsa nkhungu zikufuka panyanja ngati utsi, kapena maboti akutuntha anthu ndi katundu kuchokera ku Ilala, imene imaima patali ndi gombe.

Ku South Africa wojambulidwa pa ntchito zotere nthawi zambiri amasaina pepala lovomereza. Padoko la ku Nkhotakota chilolezo chimayambira kwa amfumu ndi komiti ya pagombe, n'kufika kwa msodzi kapena mayi wogula nsomba aliyense payekha, ndipo wojambulidwayo amayembekezera kupatsidwa chithunzi chake chotsukitsa.