Lamulo la Ohm lili pansi pa mpando wanu

Lero tikambe za mpando wa galimoto umene umatenthetsedwa ndi magetsi. Ena mwayamba kale kuseka, ndikudziwa. Mukuti dziko lotentha ngati lathuli, mpando wotentha ngwachiyani? Wofunsa choncho sanadzukepo 5 koloko m'mawa ku Dedza kapena ku Mzimba mwezi wa Juni, ndipo sanayendepo msewu wa ku Thyolo chiperoni chitakuta.

Galimoto zambiri zimene tikuyendera ndi zakale zochokera ku Japan, zotsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe ku Karonga. Zina mwa izo anazipangira madera ozizira kwambiri monga chilumba cha Hokkaido, ndiye zimabwera ndi kabatani kojambulidwa mpando ndi timizere tokhotakhota. Lusoli si lachilendo ayi. Kampani ya Saab ya ku Sweden inayamba kuika mipando yotere m'galimoto zake kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Koma pofika kuno galimotozi zimakhala zitayenda kale zaka zambiri, ndipo mipando ina imasiya kutentha.

Tiyambe ndi zimene zili m'katimo. Pansi pa nsalu kapena chikopa cha mpando, pamwamba pa siponji, pali kansalu kopyapyala kamene anasokereramo waya wowonda wokhotakhota. Kamodzi kali pokhalira, kena kali kotsamira. Magetsi akamadutsa mu waya ameneyu, iye amatentha monga zimachitikira mu mbaula kapena simbi yamagetsi. Ulendo wa magetsiwo ndi uwu: achoka ku batire, adutsa pa fyuzi, pa relay, pa switchi, afika pa pulagi imene ili kunsi kwa mpando, alowa mu waya wotenthetsa uja, atulukira pa ethi imene inamangidwa pa bodi ya galimoto, basi abwerera ku batire. Palinso thermostat, kapena thermistor m'galimoto zatsopano, imene ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti kutentha kusapyole muyezo. Amene munachita physics, kapena Physical Science monga tinkaitchulira kale, mwazindikira. Ndi circuit yomwe ija timajambula ndi choko pa bolodi, kungoti pano aifunditsa nsalu.

Mayi wina amene timaphunzitsa naye limodzi, mpando wake unasiya kutentha mwezi wa Julayi. Iyeyu amavutika msana, ndipo amayendetsa galimoto m'mamawa kuchokera kutali. Pa galaja ina anamuuza kuti kompyuta ya mpando inapsa, agule mpando wina wathunthu. Mtengo umene anamutchulira unamuumitsa pakamwa. Ndinati, "Madamu, musanatulutse ndalama, bwerani nayo Loweruka tiiyeze." Ndinabwereka multimeter ya mu labotale.

Ndisanagwire chilichonse ndinafunsa mafunso awiri. Kodi mipando yonse iwiri inasiya, kapena umodzi? Nanga kanyali ka pa switchi kamayaka? Anati wa pasenjala ukutentha bwinobwino, wa dalaivala wokha ndiwo unazizira, ndipo kanyali kamayaka. Yankho limenelo linatichotsera theka la ntchito. Mipando yonse ikafa tsiku limodzi, kayang'aneni chinthu chimene imagawana, monga fyuzi kapena relay. Ukafa umodzi, vuto lili kutsogolo kwa pamene njira zinapatukana. Fyuzi tinaiyezabe chifukwa sizitenga ngakhale mphindi imodzi, ndipo inali yabwino.

Tsopano mverani chenjezo ili, ndipo ngati muiwale zonse musaiwale limeneli. Kunsi kwa mpando kuli mapulagi angapo. Achikasu ndi a airbag ndi lamba wa pampando. Amenewo musawagwire, ndipo musayerekeze kuwayeza ndi multimeter. Multimeter ikamayeza ma ohm imatulutsa timagetsi take, ndipo timeneto tikhoza kuphulitsa airbag mutu wanu uli pomwepo. Musanamasule chilichonse kunsi kwa mpando, zimitsani injini, chotsani kiyi, masulani waya wa negative pa batire, dikirani mphindi zingapo.

Titapeza pulagi ya zotenthetsa tinaimasula, tinabwezeretsa batire, tinaliza injini, tinatsegula switchi. Multimeter inaonetsa mavolti pafupifupi 14, amene ndi oyenera alternator ikamatchaja. Batire labwino injini ili chozima limaonetsa cha m'ma 12.6. Koma apa pali msampha. Multimeter imakoka magetsi ochepa zedi, moti ngakhale polumikizira pali dzimbiri, kapena patsala kaulusi kamodzi ka waya, idzakuonetsanibe mavolti okwanira. Choncho tinalumikiza babu la indiketa la ma watt 21 pa pulagi yomweyo. Babu limeneli limakoka pafupifupi ma amp 2. Linawala kwambiri, kusonyeza kuti waya wobweretsa magetsi ndi wa ethi onse ali moyo. Likanawala mofooka tikanapita kukapala dzimbiri pa mapulagi ndi pa bawuti ya ethi.

Magetsi akufika pakhomo, ndiye wodwala ali m'nyumba. Tinazimitsanso zonse n'kutembenuzira multimeter ku ma ohm. Tinayamba ndi mpando wa pasenjala, wabwino uja, kuti tidziwe nambala imene tiyenera kuyembekezera. Inu a Fomu 3 mukukumbukira chimene timachitcha control. Unaonetsa ma ohm ochepa, owerengeka ndi zala. Ku mpando wa dalaivala, kansalu ka kotsamira kanaonetsa nambala yofanana ndi ya mnzake. Ka pokhalira kanaonetsa OL, kutanthauza kuti njira yaduka. Pa galimoto imeneyi tinsalu tiwiriti tinalumikizidwa mu series, n'chifukwa chake kuduka kwa kamodzi kunaziziritsa mpando wonse.

Wosoka mipando atatsegula nsalu, tinapeza waya ataduka m'mphepete mwa mbali ya kuchitseko, pamene munthu amakhula polowa ndi potuluka. Ndi malo amene waya amapindika tsiku ndi tsiku kwa zaka. Mayiyo anaseka n'kunena kuti amakonda kugwada pa mpandopo potenga makope a ana kumbuyo. Bondo limaunjika thupi lonse pa kamalo kakang'ono, ndipo kawaya kowonda sikapirira zimenezo.

Mnyamata wosokayo anati, "Bwana, tingopota mawaya awiriwa, tikulunge tepi." Ndinakana. Polumikiza mopota pamakhala resistance yaikulu kuposa pamalo ena a wayayo, ndipo lamulo la Joule likuti kutentha kumadalira current kuchulukitsa ndi current yomweyo, kuchulukitsanso ndi resistance. Current ndi imodzimodzi mu waya wonse, ndiye kutentha kumaunjikana pa mfundo pomwepo, pakati pa siponji ndi nsalu. Mpando wanu ukayamba kuwotcha pa kadontho kamodzi, kapena mukamva fungo la siponji yopserera, zimitsani nthawi yomweyo. Ndiye kuti waya watsala pang'ono kuduka ndipo akupsereza zomuzungulira. Ife tinagula kansalu kena kwa ogulitsa zipangizo za galimoto zophwasula, tinakayeza ma ohm tisanalipire, ndipo mpando unayambanso kutentha. Kompyuta ija inalibe mlandu.

Tiwerengere limodzi pang'ono. Georg Ohm anasindikiza lamulo lake mu 1827: current ndi voltage kugawa ndi resistance. Tiyerekeze kuti waya wotenthetsa ali ndi ma ohm 3 pa mavolti 12. Current ndi ma amp 4, mphamvu ndi ma watt 48. Tsopano tiyerekeze kuti chikutiro cha waya wobweretsa magetsi chapekeseka pa njanji ya mpando, waya wagunda chitsulo, resistance yatsika kufika pa 0.1. Current ikufuna kukwera kufika ma amp 120. Fyuzi ya ma amp 15 imasungunuka msanga, ndipo ndiyo ntchito imene anaiikira. Koma tonse taonapo fyuzi yokulungidwa waya wa kopa kapena pepala lonyezimira la mu paketi ya fodya. Mukatero, mawaya a pansi pa kapeti ndi amene asanduka fyuzi, ndipo pamwamba pawo pali siponji, pamwamba pa siponji pali munthu. Fyuzi ikapsa kawiri, musaike yaikulu. Funani shoti.

Chimene chikundilembetsa zonsezi si mpando wokha. Ana athu amaloweza V = IR, amakhoza mayeso a MANEB, koma ambiri amamaliza Fomu 4 asanagwirepo multimeter. Ena a iwo ndi amene ali m'magalaja lero, akusintha zipangizo mongoganizira mpaka galimoto ichire kapena thumba la mwini wake liphwe. Si kuti ndi opanda nzeru. Palibe anawaonetsa kuti chojambula cha pa bolodi chija ndi mapu enieni, ndipo kuti vuto limapezeka potsata njira ya magetsi malo ndi malo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Anzanga aphunzitsi, sitikufunika labotale yapamwamba. Pemphani batire lakale, mababu, mafyuzi ndi mawaya pa galaja yapafupi. Khomererani circuit pa thabwa, bisani vuto limodzi, waya woduka m'kati mwa chikutiro kapena ethi yadzimbiri, agawireni ana m'magulu alifune. Gulu lililonse lilembe chimene layeza, nambala imene lapeza, ndi chimene nambalayo yachotsa pa mndandanda wa zokayikitsa. Ine ndimachita zimenezi teremu yachiwiri, ndipo atsikana amene amakhala chete kumbuyo nthawi zambiri ndi amene amayamba kulipeza.

Inu ana anga amene muli m'magalaja ndi m'makoleji a ntchito zamanja, yezani musanamasule, ndipo muonetseni kasitomala nambala imene mwapeza musanamutchulire mtengo. Adzabweranso, ndipo adzabwera ndi mnzake. Amene muli ndi galimoto, yesani kabatani kaja mwezi wa Meyi kusanazizire. Ndipo musamagwade pa mpando.