Kuyenda ndi Mzime pa Boma la Lundazi

Mlendo wocokera ku Chipata, atatha mtunda wa makilomita pafupifupi 180, amafika pa Boma la Lundazi ali ndi fumbi ndi njala, ndipo kaŵirikaŵiri amafunsa cinthu cimodzi: "Kodi cinyumba ca nsanja cija cili kuti?" Amanena za Lundazi Castle, nyumba ya njerwa zofiira imene bwanamkubwa wa m'nthawi ya atsamunda, Errol Button, anayamba kumanga m'caka ca 1948 naitsiriza mu 1952. Yaima pamwamba pa damu, ndipo nsanja zake zozungulira zikufanana ndi za m'mabuku a nthano za ku Ulaya. Anthu amasimba kuti mwana wamkazi wa bwanayo ndiye anaicha dzina lakuti Rumpelstiltskin, kamunthu ka m'nthano za ku Germany. Ine mbali imeneyi ya mbiri imandikondweretsa koposa njerwazo, pakuti imaonetsa kuti ngakhale bwana woopedwa ankamvera kamwana kake.

Kucokera pakhomo pathu kukafika kumeneko, munthu wamkulu amayenda mphindi 20. Ine ndi mzime wathu, amene wangokwanitsa zaka 2, timatha ola lathunthu, ndipo masiku ena sitifika n'komwe. Mulungu anatipatsa mwanayu ine nditapitirira zaka 50, akulu ake atacoka kale pakhomo. Iwo aja ndinawalera ndili pa njinga, kuthamangira maphunziro a ubatizo ndi maliro m'midzi. Uyu ndimayenda naye pansi, atagwira cala canga cimodzi.

Njira ya mwana siyongoka. Amaima pa mzere wa nyerere, nanjuta, naziyang'ana kufikira yomaliza italoŵa kuuna. M'mwezi wa July, pamene ngolo za ng'ombe zikudutsa ndi mabelo a thonje, amatola timaulusi toyera totsalira pa udzu, nandipatsa kamodzikamodzi ngati akulipira ngongole. Matumba a jekete langa amabwerera kunyumba ali ndi miyala, makoko a nsawa ndi nthenga za nkhanga, ndipo amake amadandaula pocapa. Mvula ikagwa m'mwezi wa December, ulendo umacedwa koposa, cifukwa bongololo aliyense ayenera kukhudzidwa ndi kamtengo kuti adzipinde, ndipo cithaphwi ciliconse ciyenera kupondedwa kaŵiri. Ndakhala ku Lundazi zaka zambiri, koma sindinkadziŵa kuti pansi pa mtengo wa mango wa pamphambano pali maenje a nkhululu ambiri cotere.

Pafupi ndi msika timakumana ndi dziko lonse la kuno. Lundazi ndi malo a aTumbuka, aCewa ndi aNgoni, dziko la mafumu monga Mwase ndi Mphamba, ndipo malire a Malaŵi pa Lusuntha sali kutali. (Lumezi ndi Chasefu anapatulidwa kukhala maboma paokha mu 2018, koma anthu ake akugulabe mcere ndi sopo pano.) Pakhomo timalankhula ciNyanja, koma mwanayu anaphunzira "yewo" kwa amayi ogulitsa tomato asanadziŵe "zikomo". Amayiwo amandipatsa moni mwaulemu, kenaka amafunsa ngati ndi mdzukulu. Ndikayankha kuti ndi wanga weniweni, amaseka mobisa pakamwa ndi citenje, namuonjezera nthoci imodzi.

Amuna anzanga ena saseka mobisa. Wina anandiuza poyera kuti kuyendayenda ndi kamwana ndi nchito ya amayi ndi atsikana, ndipo kuti akatekisiti ayenera kusunga ulemu wao. Sindinakangane naye, koma sindigwirizana naye. Mayi wabereka mwanayo kumsana kumunda, kumjigo ndi kucigayo. Ngati bambo sangathe kumupatsa ola limodzi lopuma madzulo, ulemu umene akusungawo ndi wa yani? Ndipo mwana amene sayenda ndi atate ake adzaphunzira kwa yani kusiyanitsa msuku ndi mpoza, makamaka lero pamene mitengo ikuthera ku makala ndipo ana ambiri akutonthozedwa ndi foni?

Coopsa cilipo. Njinga zamoto zaculuka pa Boma, ndipo ambiri oyendetsa saona kamunthu kofika m'mawondo. Pamseu waukulu ndimamunyamula, iye akulira ndi kuponda mphepo, kufikira titaloŵa m'kanjira ka kudamu.

Tikafika, nsanja za bwana Button sizimukhudza konse. Amafuna madzi. Akulu amasimba za mvuu za m'damumo, koma iye amakhutira ndi acule ndi kakoŵa woima ndi mwendo umodzi, amene amayesa kumutsanzira nagwa cagada. Ndimakhala pamwala ndi kuŵerenga m'mtima: akadzamaliza giredi 12, ine ndidzakhala ndi zaka pafupifupi 70, ngati Ambuye alola. Pamenepo iye ndiye adzacepetsa liŵiro kuti ine ndisatsale.

Belu la Angelusi likalira, timanyamuka. Pobwerera sayenda, amagona paphewa panga, mwala umodzi uli m'dzanja, ndipo amake amaucotsa mosamala asanamusambitse.