Kwa mwana wanga amene akukaphunzitsa ku Mangochi

Mwana wanga wokondedwa,

Mawa ukunyamuka kukayamba ntchito ya uphunzitsi. Tsiku la ulendo pakhomo pamadzaza anthu, n'chifukwa chake ndati zina ndikulembere kuti ukawerenge mtima uli m'malo.

Kumene ukupitako ambiri ndi Ayao, ambirinso ndi Asilamu, ndipo m'kalasi mwako mukakhala ana osiyana chilankhulo, chipembedzo ngakhalenso khungu. Malangizo anga pa nkhaniyi ndinawatola pakamwa pa mng'ono wako.

Chaka chatha anaweruka kusukulu wopanda chipewa unamugulira chija. Nditamufunsa, anati wapatsa mnzake wachialubino amene amakhala naye desiki imodzi. Anandiuza kuti, "Amayi, dzuwa ndi lomweli, koma limamuwotcha iyeyo kuposa ine. Chipewacho chikuyenera iye." Ana ena ankamuopseza kuti akamadya naye mbale imodzi nayenso khungu lake lisintha. Iye anangowayankha kuti amene anaumba mnzakeyo ndi yemwe anaumba iwowo.

Taona, mwanayu sananene kuti iye ndi mnzakeyo ndi ofanana m'zonse. Kusiyanako anakuona bwinobwino, n'kudzifunsa chimene angachitepo. Akuluakulufe timagwa mbali ziwiri: ena timanyoza munthu wosiyana nafe, ena timanamizira kuti sitikuona kanthu, n'kumusiya akuvutika yekha. Mpake kuti Yesu anaimika mwana pakati pa ophunzira ake pamene ankalimbirana ukulu. Petro yemwe, mtumwi wathunthu, anachita kuonetsedwa masomphenya kuti alowe m'nyumba ya Korneliyo, munthu wa mtundu wina. Zimene mwana amaziona msanga, wamkulu amachedwa nazo.

Ndiye ukapeza mwana wachialubino m'kalasi mwako, ukamukhazike kutsogolo ndipo uzikalemba zilembo zikuluzikulu pa bolodi, chifukwa ambiri a iwo saona patali. Usakamuimike padzuwa nthawi ya asembule. Akabwera ndi chipewa ndi malaya a manja aatali, umenewo si mwano pa yunifomu, akuteteza khungu ku khansa. Uzikaonetsetsanso kuti poweruka sakuyenda yekha, pakuti ukudziwa nkhanza zimene anthu amenewa achitiridwa m'dziko muno. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu achialubino aposa 134,000 m'Malawi, ndipo mu 2021 anthu a ku Nkhotakota anasankha a Overstone Kondowe kukhala phungu woyamba wachialubino m'Nyumba ya Malamulo. Mwana wa kutsogoloyo ukamuuze zimenezi.

Pa zachipembedzo, ukakhale Mkhristu wosabisa chikhulupiriro chako, koma wopanda chipongwe. Mwezi wa Ramadan ana okulirapo amasala kudya kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa. Akafooka masana usakafulumire kuwatcha aulesi. Lachisanu ndi tsiku lawo lalikulu la mapemphero kumzikiti, usakaikepo msonkhano wa makolo masana. Nyama ya nkhumba usakaphikire mumphika wobwereka kwa mnansi wako. Mtsikana wovala hijabu ukamulandire ngati wina aliyense. Nkhani imeneyi inavutitsapo m'masukulu, mpaka mu 2021 atsogoleri a Chikhristu ndi a Chisilamu anasainirana mgwirizano mothandizidwa ndi bungwe la Public Affairs Committee. Mu 2023 nalo bwalo lalikulu la milandu ku Zomba linagamula kuti ana a Chirasta asamabwezedwe m'masukulu a boma chifukwa cha tsitsi lawo. Usadikire khoti kuti likuphunzitse zimene mwana wa pulayimale akuzidziwa kale.

Ukaphunzirenso Chiyao. Ukayambe ndi moni, ndipo ukalakwitsa ana akakuseka, ukaseke nawo n'kuwapempha akukonze. Kholo limene walipatsa moni m'chilankhulo chake limamasuka kukuuza vuto la mwana wake. Mwana wa Sitandade 1 amene sakuyankha funso la Chichewa mwina si mbuli ayi, sanakumve chabe.

Pomaliza, uzikamvetsera ana akamalankhula. Iwe ukawaphunzitsa kuwerenga ndi masamu, koma Mulungu amatha kukudzudzula kapena kukulimbitsa mtima kudzera mwa kamwana kamene sikanathe n'kulemba dzina lake. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Uyende bwino, Ambuye akutsogolere. Ukangofika utiimbire foni, bambo ako asagone ndi nkhawa.

Ndine mayi ako okukonda.