Mthunzi wa ndege pa minda ya ku Centenary

Msewu wochoka mu Harare kulowera kumpoto umadutsa pa damu la Mazowe ndi minda ya malalanje, n'kukafika ku Glendale. Kuchoka apo umalowa m'dera la Chiweshe, kumene midzi yathinana pakati pa timapiri ta miyala, kenako n'kutulukira ku Centenary, dziko la fodya. Tinayenda msewu umenewu m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kupita kukaona mjigo ndi dimba zimene bungwe lathu likuthandiza pa komboni ya famu ina yakale.

Munthu wochokera ku Dedza kapena ku Chipata akapereka moni m'makomboni amenewa sasowa womuyankha. Makolo a anthuwa anabwera kalekale, ena wapansi, ena pa malole a Ulere, kudzafuna ntchito ku Halale, ndipo ambiri anatchona. Ashona amawatcha mabhurandaya, kutanthauza anthu a ku Blantyre, ngakhale amene Blantyre sanamuonepo. Gule wamkulu akadavinidwabe kuno. Mafamu atayamba kugawidwa m'chaka cha 2000, ambiri mwa anthuwa sanalandire malo, choncho anatsalira m'nyumba zomwe zija za pakomboni, n'kumagwira ganyu kwa alimi atsopano.

Titafika, mnzathu wojambula anatulutsa kandege kake kopanda woyendetsa, kamene masiku ano amangoti drone, kuti ajambule dimbalo kuchokera m'mwamba. Ana anakathamangira akukuwa ndi chimwemwe. Koma agogo ena aamuna amene anakhala pabwalo ananyamuka mwakachetechete, natenga kampando kawo, nakakhala pakhonde. Ndinawatsata.

"Agogo, musaope, kameneka n'kojambula zithunzi chabe."

"Ndikudziwa, mdzukulu wanga," anatero. "Komatu nazo zija zinkayamba ndi kuona."

Zimene ankanena zinayambira m'dera lomweli. Pa 21 Disembala 1972 gulu la ZANLA linathira nkhondo nyumba ya pa famu ya Altena ku Centenary, ndipo kuyambira tsiku limenelo nkhondo yomenyera ufulu inakhazikika kumpoto chakum'mawa kwa dzikoli. Boma la Ian Smith linkawatcha zigawenga. Anthu m'midzi ankangoti vakomana, anyamata. Mu 1974 asilikali a boma anayamba njira yomenyera nkhondo yotchedwa Fireforce, ndipo malo ake oyamba anali ku Mount Darwin ndi ku Centenary konkuno. Asilikali ochepa ankabisala pamwamba pa phiri masiku angapo, akusuzumira mudzi ndi magalasi oonera patali. Akaona amayi atasenza nsima yochuluka kulowa nayo m'tchire, kapena anyamata achilendo akuyenda mondondozana, ankaimba wailesi. Posakhalitsa mahelikopita a mtundu wa Alouette ankatulukira, ina itanyamula mfuti yaikulu, enawo akutsitsa asilikali mozungulira malowo, ndipo kandege kotchedwa Lynx kankaponya mabomba a moto womata pathupi. Ashona helikopita amaitcha chikopokopo, potsata kulira kwake, ndipo agogo aja anatchula dzinali motsitsa mawu.

Tsono wosenza nsimayo anali yani? Kawirikawiri anali mtsikana wa m'mudzi amene watumidwa, wopanda mphamvu yokana. Mnyamata wothamanga anali mwina wolisha ng'ombe. Malipoti a boma ankalengeza chiwerengero cha zigawenga zophedwa, kenako n'kuwonjezera kuti anthu wamba akutiakuti afa pokodwa pakati pa zipolopolo, ngati kuti anadziika okha pamenepo. Bungwe la Akatolika loona za chilungamo ndi mtendere linasonkhanitsa maumboni a anthu ozunzidwa, nawasindikiza mu 1975 m'kabuku kotchedwa The Man in the Middle. Chaka chomwecho boma linakhazikitsa lamulo loteteza asilikali ake kuti asazengedwe milandu pa zimene achita pankhondoyo.

Ku Chiweshe kumene tinadutsa kuja, mu Julaye 1974 anthu pafupifupi 50,000 anasamutsidwa mokakamiza n'kuikidwa m'midzi 21 ya mpanda wa waya, imene anthu ankaitcha makipu. Minda inatsala kutali, ziweto zinasowa wozisamala, ndipo wopezeka kunja dzuwa litalowa ankawomberedwa. Cholinga chinali chakuti aliyense wooneka kunja kwa mpanda aziyesedwa mdani.

Wantchito wa pafamu, makamaka mtchona, anali pa mpanipani woposa. Nyumba ya mzungu inali ndi mpanda, magetsi ndi wailesi yoitanira thandizo. Komboni inali kunja kwa mpandawo. Usiku anyamata ankabwera kudzafuna chakudya, kapena kudzalamula kuti onse asiye ntchito. Kukacha asilikali ankabwera kudzafunsa amene anawaphikira. Mshona ankatha kuthawira kumudzi kwawo, koma munthu amene kwawo n'ku Ntcheu, ndipo anachokako zaka makumi atatu zapitazo, akanathawira kuti? Tisabise mawu: nawo omenyera ufulu anapha anthu amene ankawaganizira kuti ndi akapirikoni, ndipo mu Disembala 1976 antchito 27 a pa esiteti ya tiyi ku Honde Valley anawomberedwa pamaso pa mabanja awo.

Ndegezo sizinalekere m'malire. Mu Novembala 1977 zinaphulitsa misasa ya ZANLA ku Chimoio m'dziko la Mozambique, kumene pakati pa akufa panali amayi ndi ana ambiri, ndipo pa 19 Okutobala 1978 zinafika ku Chikumbi, pafupi ndi Lusaka. Owerenga athu achikulire a ku Zambia akukumbukira m'mawa umenewo.

Nditachoka pakhonde paja ndinakasuzumira pa kagalasi kamene mnzathu ankayendetsera kandege kake. Dimba linkaoneka bwino, mizere ya repu ndi tomato ili ndondondo. Koma anthu anali timadontho. Mayi wina amene ndinali nditangocheza naye sindinamuzindikire. Mnyamata wina ankachokera kumunda khasu lili paphewa, ndipo kunena zoona, wina akanandiuza kuti imeneyo ndi mfuti sindikanamutsutsa.

Ndege zopanda oyendetsa zimene mayiko akugwiritsa ntchito posaka zigawenga masiku ano n'zazikulu kuposa kathu kaja, zimatha kukhala m'mwamba tsiku lathunthu, ndipo zimanyamula mizinga. Woziyendetsa amakhala kutali, nthawi zina kutsidya kwa nyanja. Koma ntchito yake ndi yomwe ija ya msilikali wa paphiri: kuona kayendedwe ka anthu amene sakuwadziwa n'kugamula kuti uyu ndi mdani. Pa 29 Ogasiti 2021 ndege yotere ya America inatsata galimoto ina mumzinda wa Kabul kwa maola angapo, n'kuiphulitsa italowa pakhomo. Mwini wake, Zemari Ahmadi, ankagwira ntchito ku bungwe lothandiza anthu ngati lathuli, ndipo zimene ankaziyesa mabomba zinali zigubu za madzi. Anafa anthu 10 a banja limodzi, 7 mwa iwo ana. Akuluakulu a asilikali anavomera kulakwa, koma palibe amene analangidwa. Pa 3 Disembala 2023 ndege ya asilikali a Nigeria inapha anthu oposa 80 m'mudzi wa Tudun Biri, m'chigawo cha Kaduna, amene anasonkhana pa chikondwerero cha Maulidi. Ku Pakistan, kumene America inayamba kuponya mizinga yotereyi mu 2004, nyumba ya malamulo inalamula mu 2012 kuti zimenezi zithe.

Okonda njirayi amati imapulumutsa asilikali awo ndipo imapha adani ambiri. Asilikali a Smith ankanenanso chimodzimodzi, ndipo pa chiwerengero cha ophedwa sankanama. Chimene sankawerenga ndi abale a wophedwa aliyense, ndi achinyamata amene ankawoloka malire kukalowa nkhondo chifukwa cha zimene anaona kwawo. Pa chisankho cha Febuluwale 1980, ZANU-PF ya Robert Mugabe inapeza mipando 57 mwa 80 ya anthu akuda, chipani cha Joshua Nkomo 20, ndipo cha Bishopu Abel Muzorewa, chimene azungu ankachidalira, 3 yokha.

Sindikunena kuti kandege kalikonse n'koipa. Ku Malawi, bwalo la ndege la ku Kasungu linasanduka malo oyeserapo timandege tonyamula mankhwala ndi magazi okapimidwa mu 2017, ndipo alangizi ena akutigwiritsa ntchito poyeza minda. Komabe ife ogwira ntchito zachitukuko tili ndi chizolowezi choulutsa kaye, kupempha pambuyo. Tsiku limenelo sitinauze akuluakulu a pakomboni kuti m'mwamba mukhala chinthu chowayang'ana, ndipo kulakwa kunali kwanga, popeza ulendowo ndinakonza ndine.

Tinakatsitsa kandegeko. Mnzathu anakapereka m'manja mwa agogo aja, iwo anakatembenuza, nakayeza kulemera kwake, nafunsa mtengo wake. Atamva anapukusa mutu, nati ndalama imeneyo ikanakwana kutengera zidzukulu zawo zonse zikalata za kubadwa ku ofesi ya boma, n'kutsalako ya basi. Kenako anatitengera kuseri kwa mabani a fodya kukationetsa manda a anthu a kwawo, amene onse mitu yawo anailozetsa mbali imodzi.