Saras Sarasvathy ndi Ntchito Yofufuza Maganizo a Oyambitsa Mabizinesi

Saras Sarasvathy ndi pulofesa pa sukulu ya zamalonda ya Darden, ku yunivesite ya Virginia m'dziko la America. Anabadwira ku India mu 1959, ndipo digiri yawo yoyamba ya zamalonda anaitengera ku yunivesite ya Bombay. Asanayambe uphunzitsi anayendetsapo mabizinesi awoawo. Pamene ankapita kukachita maphunziro a digiri ya PhD ku yunivesite ya Carnegie Mellon mumzinda wa Pittsburgh, anali kale ndi funso lochokera kumsika: kodi munthu amasankha bwanji chochita pamene katundu wake ndi wachilendo ndipo ogula sanadziwike?

Amene ankawayang'anira pa kafukufuku wa digiriyi anali Herbert Simon, katswiri yemwe analandira mphoto ya Nobel ya zachuma mu 1978 chifukwa chofufuza mmene anthu amapangira ziganizo m'mabungwe. Njira imene anatsata inali yosavuta kuimva koma yofuna kudekha. Mayi Sarasvathy anasankha akatswiri 27 omwe aliyense anali atayambitsapo makampani angapo. Onse anawapatsa bizinesi imodzimodzi yongopeka, n'kuwapempha kuti azilankhula mokweza chilichonse chobwera m'mutu mwawo poyankha mafunso. Mawuwo ankawajambula, kuwalemba papepala, kenako kuwasanthula mzere ndi mzere. Digiriyo anamaliza mu 1998.

Zimene anapeza zinasiyana ndi zomwe mabuku ambiri a zamalonda ankaphunzitsa. Mabukuwo amati munthu ayambe wasankha cholinga, afufuze msika, awerengetsere phindu, kenako asake mpamba. Akatswiri aja ankayambira pa zomwe ali nazo kale: khalidwe lawo, luso lawo ndi anthu owadziwa. Sankataya nthawi kulosera phindu. Ankayamba adzifunsa kuti ndi ndalama zingati zomwe angaluze osagwa nazo mphwayi. Ankafulumira kugwirana manja ndi ogula ndi ogulitsa, ndipo aliyense wolowa m'gulumo ankasinthako kumene bizinesiyo ikulowera. Zogwa mwadzidzidzi ankazisandutsa mwayi. Pofotokoza kusiyanaku, Mayi Sarasvathy amapereka chitsanzo cha ophika awiri: wina amasankha chakudya kenako n'kupita kukagula zofunika, wina amatsegula kabati n'kuphika malinga ndi zomwe wapezamo. Kaganizidwe kachiwirika anakatcha effectuation.

Pa ntchito ya upulofesa, zotsatira za kafukufuku sizilemekezedwa zisanadutse m'manja mwa akatswiri ena. Wolemba amatumiza pepala lake ku magazini ya akatswiri, ndipo anzake osatchulidwa maina amaliunika, kulitsutsa ndi kulibweza kuti likonzedwe. Pepala la Mayi Sarasvathy linatuluka mu 2001 m'magazini ya Academy of Management Review, ndipo ofufuza ambiri akhala akulitchula m'zolemba zawo. Buku lofotokoza nkhaniyi mwatsatanetsatane linatuluka mu 2008. Otsutsa analipo ndithu: ena anati akatswiri 27 ndi ochepa, ndiponso onse anali oti zinawayendera. Zimenezi zinachititsa kuti pachitike kafukufuku wina woyerekeza akatswiriwo ndi ophunzira zamalonda komanso mamanejala a makampani akuluakulu.

Asanafike ku Darden, Mayi Sarasvathy anaphunzitsapo ku mayunivesite a Washington ndi Maryland. Ku Darden ophunzira amaphunzira pokambirana nkhani za makampani enieni, njira yogwirizana ndi mfundo ya Mayi Sarasvathy yakuti kuyambitsa bizinesi ndi luso lophunzitsika, osati mphatso yobadwa nayo. Mu 2022 analandira mphoto ya Global Award for Entrepreneurship Research, yomwe imaperekedwa ku Sweden.