Kuwerenga n'kwina, kumvetsa n'kwinanso

Abale athu okhala kunja, ambiri a ife amene timaphunzitsa ana pakhomo tili ndi nkhawa imodzi, ndiyo mayeso. Kuno ku Madinat Khalifa, mumzinda wa Doha, mwana wathu wa zaka 12 amawerenga Chingerezi mosadodoma, koma pa mayeso oyeserera a kumvetsa nkhani ankapeza malikisi ochepa. Mawu ankawatchula bwino, tanthauzo n'kumamudutsa. Chonsecho kutsogoloku kuli mayeso a Cambridge IGCSE, amene ana ophunzirira pakhomo amalembetsa kudzera ku British Council, ndipo kumeneko chofunika ndi tanthauzo.

Mankhwala ake tidawapeza m'nthano za kwathu. Agogo akamaliza kusimba za Kalulu ndi Fisi ankafunsa kuti, "Nanga Fisi adalakwa pati?" Nafenso tsopano, mwana akawerenga ndime ya Chingerezi, amatseka buku n'kutifotokozera m'Chichewa. Munthu sangamasulire chimene sadachimvetse, choncho pomwe wakakamira m'pomwe pagona vuto. Kenako timamufunsa kuti, "Chifukwa chiyani?" Iye ayenera kuloza chiganizo chochitira umboni yankho lake, monga momwe mayesowo amafunira.

Mabuku timakabwereka Loweruka ku Qatar National Library, ku Education City, nyumba ya mabuku yomwe idatsegulidwa mwalamulo mu 2018, ndipo okhala m'dziko muno amalembetsa kwaulere. Malikisi akukwera pang'onopang'ono. Chichewa chake chimene chinkazirala nachonso chikubwerera, moti agogo ake ku Dedza akaimba foni safunanso womasulira. Yesani, makolo anzathu.